Galimoto Yodzatenga Nankhoma

Eya, magetsi azima ndiye mwakumbukira kuti muli ndi agogo! Dzulo ndinadutsa pabalaza apo katatu, palibe ndi mmodzi yemwe anadzutsa mutu, nonse maso ali pafoni ngati mukuwerenga uthenga wa maliro. Bwerani pakhonde pano. Iwe Tadala, khala mbali ino, khutu lakumanzereli lidapuma pantchito kalekale. Mphatso, usandikhalire chipewa.

Tadala, mayi ako akuti chiyambire sukulu ya unamwino ija umabwera ukudandaula kuti magadiyani ndi anthu ovuta, amangodzaza m'makonde a chipatala ndi mapoto awo. Ndamva. Ndiye lero umve gadiyani mmodzi akulankhula, poti ine agogo ako ndidakhalapo gadiyani, ndipo osati gadiyani wamba. Munthu adakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzandifunsa nzeru. Mukuseka? Sekani, mano akadalipo.

Ine m'tauni muno ndidalowa wapansi, kuchokera kwathu kuseri kwa Mpingu, wopanda nsapato, nditamanga chikondamoyo m'kansalu. Masiku amenewo Lilongwe adali tauni yakale ija basi, msika, mlatho, ndi masitolo a amwenye. Kumene mukuti City Centre kudali tchire, nkhanga zikuthamangitsana. Zitsa za ku Area 12 tidazula ndife, ndi nkhwangwa ndi khasu, ndipo udzu tinkatchetcha ndi chikwakwa, osati makina aphokoso amene anyamata a masiku ano amakoka akuyasamula aja. Ndani mwa inu adagwirapo chikwakwa? Palibe. Manja anuwo ndi ofewa ngati buledi wa lero.

Agogo anu aakazi, Nankhoma, ndidawapeza pamsika wa m'tauni akugulitsa zitumbuwa. Ndidadya zitumbuwa mwezi wathunthu mpaka m'mimba mudayamba kudandaula, koma pakamwa osatseguka. Adayamba ndi iwowo. Adati, "Achimwene, zitumbuwa zanga n'zokoma, koma osati zoti munthu n'kuwolokera mlatho tsiku lililonse. Nenani chimene mwadzera." Pakamwa pawo padali potero, sankadziwa kuzungulira.

Kwawo kudali ku Dowa. Ndidakalima kumeneko madzinja awiri ngati mkamwini, kenako ndidapempha kuti ndiwatenge tidzakhale kuno, chimene timati chitengwa. Apa mumvetsetse, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu kuno mkazi ngakhale umutenge upite naye kutali bwanji, amakhalabe wa mbumba yake, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wake wamwamuna. Akadwala, wolankhula ndi iyeyo. Akamwalira, wolamula ndi iyeyo. Mkamwini asamakule mwendo, ankatero akuluakulu, ndipo ine wangawu ndidaupinda zaka makumi anayi osadandaula.

Mwini mbumba wa agogo anu adali alamu anga a Nkhoma, amene inu mumati agogo a ku Malangalanga, a sitolo ya misomali ndi malata aja. Munthu wamkulu thupi, wamkulu mawu, Chingerezi chotulukira m'mphuno. Sadali munthu woipa, musandimve molakwa, mlongo wawo ankamukonda. Kungoti ankamukonda ali chiimire, dzanja lina litagwira kale chitseko cha galimoto.

Titabwerera m'tauni ndidapeza ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku 12 komweko, ndipo ndidakalambira pomwepo. Mabwana ankasintha, ine ndilipobe. Tinkakhala m'kanyumba ka antchito kumapeto kwa mpanda, zipinda ziwiri, mtengo wa mango pakhomo. Bambo wanu Yosefe adabadwira m'menemo, ngakhale masiku ano akamadutsako pagalimoto amayang'ana kumbali ngati sakukudziwa. Mukamuuze kuti ndanena ndine.

Matenda adayamba ngati masewera, kuonda, kutopa, kupweteka m'chiuno. Tidayendayenda m'zipatala mpaka dokotala wina adatikhazika pansi n'kunena mosabisa kuti ndi khansa, ndipo yafika poti sangaichotse. Chotsala, adatero, ndi kuchepetsa ululu kuti masiku otsalawo akhale masiku a munthu. Pa pepala la kuchipatala, pamalo polemba gadiyani, padalembedwa dzina la alamu, poti ndiwo eni mbumba. Ine ndidali kumbuyo kwawo, nditanyamula chikwama.

Koma kunyumba kudalibe pepala, kudali ine. Yosefe nthawi imeneyo adali ku Joni, inu muli tiana, ndipo mwana wamkazi Mulungu sadatipatse. Amayi a kutchalitchi ankabwera Lachinayi, kuimba, kupemphera, kuchapako nsalu ziwiri zitatu, Mulungu awadalitse. Masiku ena onsewo ntchito idali yanga.

Mankhwala adali mofini wamadzi wa m'botolo, womwa maola anayi aliwonse, osaphonya. Ukaphonya, ululu umabwera ngati wakwiya, ndipo kuti ubwerere umavuta. Wotchi yanga inkayenda ikafuna, koma wamaluwa ndi dzuwa amadziwana. Ndidakhoma timisomali pakhoma la mpanda, moti mthunzi wa mango uja ukangofika pamsomali, ndinkasiya paipi ili pansi madzi akutayika, liwiro kunyumba. Dzuwa likasintha njira, nanenso ndinkasuntha misomali. Za usiku sindinena, mungalire.

Namwino wina wa kuchipatala adandiphunzitsa kutembenuza munthu wogona. Umapinda chitenje, n'kuchiyala pansi pa msana, ndiye pokoka umakoka chitenjecho, osati munthu. Zidendene ndinkazikhazika pa kansalu kokulunga ngati nkhata. Pansi pa bedi ndinkaika mbale ya makala kuti azimwa fungo. Chakudya chidali phala la mpunga losefa, lozizira pang'ono, nditafinyiramo kandimu ka m'munda, ndipo akamwa masupuni asanu ndinkayenda tsiku lonse ndikuimba mluzu. Ndinkawasambitsanso. Inde, kusambitsa, Mphatso, usagwetse nkhope. Tsiku loyamba manyazi adatigwira tonse awiri, anthu oti takalamba limodzi. Ine ndangoti kakasi ndi beseni m'manja, iwo n'kunena kuti, "Bambo a Yosefe, maluwa a eni mumathirira osachita manyazi. Ine ndiye ndasanduka choopsa?" Manyazi adathera pomwepo.

Bwana akapita kuntchito ndinkayala mabulangete m'wilibala, n'kuwakwezamo, n'kuwayendetsa m'munda kuti awothereko dzuwa. Ankandilamula ngati woyendetsa minibasi, apa imani, apo mwadula moipa. Tsiku lina bwana, mayi wa ku Rumphi wogwira ntchito ku Kapitolo, adabwerera msanga n'kutipeza tili pakati pa kapinga. Ndidati lero ntchito yatha. Adangodutsa n'kulowa m'nyumba. M'mawa mwake ndidapeza mapilo awiri ali pakhomo pathu.

Tidayenda choncho miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye Lamulungu lina alamu adatulukira, n'kundipeza ndawerama pabeseni ndikuchapa nsalu za mlongo wawo. Nkhope idasintha pomwepo.

"Alamu, izi ndiye ziti?" adatero. "Mwamuna kusambitsa wodwala wamkazi, kumuchapira, ngati mbumba yathu idatha? Anthu kumudzi akamva aziti a Nkhoma ndi munthu wotani? Ayi. Loweruka likubwerali ndibwera ndi galimoto. Apite kumudzi, akamusamale azimayi anzake. Zikavuta, zivutire kwawo."

Mukudziwa chimene ndidayankha? Ndidati, "Chabwino, alamu." Mawu awiri basi, m'kati mtima ukuyaka. Ndikakumbukira mpaka lero ndimadzipsera mtima.

Galimoto itangotuluka pageti agogo anu adandiitana. Adamva zonse, khoma lidali lopyapyala. Adandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo a Yosefe, musandipereke. Kumudzi chipatala chili kutali, botolo likatha ndidzalira mpaka ana azidzathawa pakhomo. Ndipo ine manja ena sindiwafuna." Ndidalonjeza, nanga n'kutani. Koma ndidalonjeza ndi pakamwa chabe, poti njira yokanira mwini mbumba sindinkaidziwa. Ndidasowa mtengo wogwira. Lolemba lidadutsa, Lachiwiri lidadutsa, ine ndikuthirira maluwa omwewo kawirikawiri osadziwa.

Lachiwiri lomwelo madzulo alamu adatumiza uthenga kuti mawa kubwera alendo, ndisese, ndibwereke mipando kwa bwana. Alendowo adali a kafukufuku. Anamwino ndi madokotala a kuno kwathu, a ku Uganda, a ku India ndi a ku Ulaya adagwirizana kuti dziko lililonse afunse mafunso ofanana kwa anthu osamalira abale awo odwala matenda osachiritsika pakhomo, kuti amve mmene amakhalira, chimene amasowa, ndi chimene amadziwa. Maina adawatenga m'mapepala a kuchipatala. Ndiye papepala pathu padali dzina la yani? Mwaona tsopano.

Adabwera awiri. Wina adali namwino wophunzitsa anamwino anzake, Mayi Msiska, wa ku Mzimba, wamfupi, wa maso osaphonya kanthu. Winayo adali mzungu, Mayi Helena, wamtali, woonda, atamanga chitenje mwakuti poyenda ankachigwira ndi dzanja kuopa chingamuthawe. Adakhala pansi pa mango, alamu ali pakati, atavala jekete ngati tsiku la ukwati. Ine ndidabweretsa tiyi, n'kugwada popereka. Mayi Msiska adandifunsa kuti, "Bambo, inu ndiye ndani?" Ndidati, "Ndine mlamu wawo, wamaluwa pano." Sindidaname, komanso sindidanene zoona zonse. Pamaso pa mwini mbumba sungadzigunde pachifuwa za matenda a mwana wa eni. Ndidasendera patali pang'ono n'kunjuta.

Adatulutsa kamakina kojambulira mawu, alamu adasaina pepala, mafunso n'kuyamba. Chingerezi changa n'cha m'munda, koma kumva ndimamva.

"Wodwala amadya chiyani?"

"Chilichonse," adatero alamu. "Nyama, mazira, timayesetsa."

Nyama! Munthu woti supuni yachisanu ya phala ndimachita kumunyengerera ngati khanda!

"Mumamutembenuza kangati patsiku?"

"Nthawi ndi nthawi."

"Chovuta kwambiri pantchito imeneyi n'chiyani?"

"Mafuta a galimoto."

Mayi Helena ali kalikiliki kulemba, mutu ukugwedezeka, wokondwa kuti wapeza gadiyani wolankhula chilankhulo cha kwawo. Ine magazi akuwira. Ndidaganiza kuti bodza limeneli likwera ndege, likalembedwa m'mabuku, anthu a kutali azikaphunzira kuti ku Malawi odwala khansa amadya nyama. Koma ndidakhalabe chinjutire, poti ndi mmene ndidaleredwera.

Chidandidzutsa ndi mthunzi. Nditaponya maso pakhoma ndidaona wakhudza msomali, ndipo nthawi yomweyo m'nyumba mudamveka kubuula. Mwambo udati khala, alendo akulankhula. Msomali udati nyamuka. Ndidaomba m'manja, "Zikomo, zikomo," n'kudutsa chowerama pakati pawo kulowa m'nyumba.

Ndidayeza mankhwala, kuwamwetsa, kukoka chitenje, kuwatembenuzira kukhoma, kukonza zidendene. Podzutsa mutu ndidaona Mayi Msiska ataima pakhomo. Kaya adaima nthawi yaitali bwanji, sindidziwa. Adati odi, n'kulowa, n'kugwada pambali pa bedi. Atapereka moni adafunsa mwakachetechete kuti, "Mayi, amakusamalani tsiku ndi tsiku ndani?"

Agogo anu mawu adali atachepa, koma tsiku limenelo adawapeza. "Ndi bambowa, mwana wanga. Achimwene amabwera kudzandiona, Mulungu awadalitse, koma amaima pakhomo pamene munaima inu paja." Ndipo adanena mokweza dala, kuti afike pansi pa mango.

Apa Tadala utchere khutu, poti unamwino si jakisoni yekha. Mayi uja akadatuluka n'kunena kuti a Nkhoma mwatinamiza, basi, zonse zikadathera pomwepo, ndipo galimoto ikadabwera tsiku lomwelo osadikira Loweruka. Koma adapita pamaso pa alamu, n'kupinda maondo, n'kuomba m'manja. "Eni mbumba, mwatilandira bwino, ndipo mawu anu tawasunga. Tsopano tikupempha chilolezo chanu kuti timveko kwa mlamu wanu, poti ndiye amene amakhala pafupi." Munthu wakupatsa ulemu wonse choncho pamaso pa mlendo, ukana bwanji? Alamu adangoti, "Palibe vuto," koma mawu adatuluka ngati akumeza fupa. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mayi Msiska atamasulira zimene zachitika, Mayi Helena adafiira mpaka m'makutu. Adapepesa kangapo, n'kunyamuka pampando wake, n'kundikokera ine. Ine kukhala pampando alamu alipo! Ndidakhala chakumapeto, ngati mpandowo ukutentha. Kenako adati lamulo la ntchito yawo ndi loti wofunsidwa azikhala payekha kuti amasuke, ndiye a Nkhoma angathe kudikira kugalimoto. Pamenepo ndiye ndidakana. Ndidati, "Ayi. Za mwana wa eni sindinena kuseri. Alamu akhale pomwepo, amve." Mukhoza kuganiza kuti ndidachenjera. Kunena zoona, theka udali mwambo, theka udali mkwiyo.

Ndiye ndidalankhula, ana inu! Ine amene ndidakhala zaka zonse ndikuyankha "inde bwana" ndi "chabwino alamu", ndidalankhula mpaka tiyi adazizira, mpaka kamakina kaja adakasintha mabatire. Ndidayamba ndi m'mawa, mmene umatsukira m'kamwa mwa munthu ndi kansalu konyowa. Ndidanena za phala, za makala, za tsiku limene botolo lidatha ndipo ndidayenda wapansi kupita kuchipatala ndi kubwerera chifukwa minibasi zidali zitadzaza. Ndidanena mmene umadziwira kuti ululu ukubwera munthu asananene, poyang'ana zala zake. Mayi Msiska akumasulira, Mayi Helena adasiya pepala lake la mafunso n'kuyamba kufunsa za mumtima mwake. Adapempha kuona misomali, adaijambula chithunzi, chitenje chake chikugwa osachisamalanso. Adatiuza kuti iye naye adadwazikapo bambo ake, kuti kwawo kuli mabedi otembenuza munthu ndi magetsi, koma kutopa kwa wosamalira n'komweku.

Kenako adafunsa funso limene munthu aliyense adali asanandifunsepo. "Nanga inuyo, amakusamalani ndani?"

Misozi ndiyo idayankha, ili chuchuchu pamaso pa alamu, pamaso pa azimayi, ine nkhalamba ya imvi. Ndidachita manyazi kwambiri, koma idakana kuleka. Adandidikira, osandifulumizitsa. Nditapukuta nkhope adafunsanso kuti, "Pa zonsezi, chimene mumaopa kwambiri n'chiyani?"

Ndidati, "Loweruka."

Ndidanena ndikuyang'ana pansi, koma ndidanena zonse, za galimoto, za chipatala chakutali, za mawu a agogo anu akuti musandipereke. Mayi Msiska adati, "Zimenezo n'za banja, ife sitinabwere kudzaweruza." Koma adapempha kuti monga namwino alowe aone khungu la wodwala. Potuluka adalankhula ngati akuuza mnzakeyo, koma m'Chichewa. "Miyezi isanu ndi umodzi pabedi, msana ulibe ndi chilonda chimodzi chomwe. Ngakhale kuchipatala kwathu zimenezi sitiziona kawirikawiri."

Alamu adanyamuka. Mayi awo omwe, apongozi anga, adamwalirira kumudzi msana uli zilonda zokhazokha, ndipo iwo adaona ndi maso awo. Kaya ndi zimene adakumbukira, kaya udali mkwiyo woti ndawavula pagulu, nkhope sinkawerengeka. Adakwera galimoto osatsanzika.

Za Loweruka dikira, Mphatso, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiyambe ndakuuzani za ku hotela, ndingaiwale.

Patapita chaka ndi miyezi, Mayi Msiska adabwera kudzanditenga kuti anthu a kafukufuku aja akumana ku hotela ina ku City Centre ndipo akufuna gadiyani akalankhule. Ndidavala suti ya bambo wanu, mikono ikulendewera. Malo omwe aja ndinkathamangitsako nkhanga, lero ndikukwera chikepe, mtima uli m'mwamba, nditagwira khoma. Adandipachika dzina pachifuwa. M'chipindamo mudali madokotala, aphunzitsi a m'masukulu aukachenjede, ena ali pakanema wamkulu akutiona kuchokera kwawo. Atandipatsa chinkuzamawu ndidati mumtima ndalankhulapo pamaso pa alamu, awa ndiye ndani.

Ndidawauza kuti, "Mabwana, mukafika pakhomo pa wodwala musamafunse pepala. Pepala limadziwa wamkulu wa banja, silidziwa wochapa. Funsani wodwalayo, ndipo yang'anani amene manja ake adasuwa ndi sopo." Adaomba m'manja mpaka ndidachita mantha kuti ndalakwitsa. Dokotala wa ku Uganda adandigwira dzanja osalisiya, n'kunena kuti kwawo kuli mayi wina amene amadziwira nthawi ya mankhwala ndi belu la pasukulu, ndipo akamuuza za misomali yanga. Mayi wina wa ku India ali pakanema adati kwawonso papepala amalemba mwana wamwamuna pamene wochapa ndi mpongozi. Ndidadabwa kuti kani vutoli lili ndi abale ake kutali. Mayi Helena adaimirira n'kuvomera pagulu kuti adalakwitsa pakhomo panga, ndipo kuti kuyambira tsiku lija adauzana onse kuti aziyamba afunsa wodwala. Munthu wophunzira kuvomera kulakwa pamaso pa anzake, ndidamulemekeza. Tiyi wawo ndiye sadandigwire mtima, timakeke tating'ono ngati mabatani. Ndiye iwe Tadala, ukamadutsa anthu a mapoto aja m'khonde, uzipereka moni. Mwa iwo muli aphunzitsi ako.

Chabwino, Loweruka.

Lachinayi kudali zii, Lachisanu zii, alamu osatumiza ndi liwu limodzi lomwe. Loweruka m'mawa agogo anu adandifunsa kuti, "Mwalongedza?" Ndidati ayi. Adati, "Musalongedze." Ndidawamwetsa mankhwala, kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta. Dzuwa litakwera pang'ono ndidamva hutala pageti, mlonda akutsegula. Idali lole yaing'ono ya kusitolo ija, ikubwera chobwerera m'mbuyo mpaka pakhomo pathu penipeni. Ndikuyang'ana kumbuyo kwake, ndidaona matiresi. Nonse mukudziwa kuti matiresi kumbuyo kwa lole ndi pogoneka wodwala paulendo.

Sindidziwa chidandilowa. Ndidakaima pakhomo, dzanja ili mbali iyi, ili mbali iyo. Alamu adatsika, n'kutsitsa matiresi aja mbali imodzi.

"Alamu, gwirani uko."

"Sindigwira."

"Mwati chiyani?"

"Ndati sindigwira, alamu. Mundikhululukire, ndinu eni mbumba, ulemu wanu ndimaudziwa. Koma Nankhoma sapita. Mukafuna kumutulutsa muyambe mwandinyamula ine."

Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine kamunthu koonda ngati mpini, iwo chimunthu choti akadangondikankha ndi chala. Ndiye adapukusa mutu.

"Wanena zopita ndani? Matiresiwa ndi anga. Kuyambira lero, Loweruka lililonse ndizigona pano, inu muzikagona tulo ngati munthu. Kumudzi ndawauza kale, wofuna kulankhula adzalankhule ndi ine. Tsopano mugwira kapena mundisiya ndithyoke msana?"

Ndidagwira, ana inu. Ndidagwira ndikulira ndikuseka, moti matiresi adatikanirira pakhomo kawiri. Titalowetsa adavula jekete, kupinda malaya, n'kuima pambali pa bedi la mlongo wawo, manja ali lende, osadziwa poyambira. Adati, "Kusamba ndi kwanu, alamu, kumeneko sindilowako. Koma kutembenuza kuja mundiphunzitse." Ndidawasonyeza pogwira chitenje ndi poika dzanja paphewa. Atangokhudza phewalo agogo anu adadzidzimuka.

"Iii, achimwene! Manja ngati chule! Kawotheni kaye. Bambo a Yosefe sandigwira ndi manja ozizira."

Ndipo munthu wamkulu uja, mwini mbumba, mwini sitolo, adatuluka mwakachetechete, n'kukanjuta pambaula, n'kutambasula zikhatho. Patapita kanthawi adandiitana, n'kundigwira patsaya. "Alamu, afunda mokwanira?" Agogo anu adaseka mpaka kudawapweteka, akundikodola kuti ndiwagwire nthiti, koma kuseka osaleka.

Agogo anu sadapite, ana inu. Adakhala m'kanyumba kaja mpaka mvula yoyamba idagwa, botolo silidathenso ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo sadalire monga ankaopera. Adatisiya m'mawa wina kutacha bwino, alamu atagwira dzanja ili, ine ili. Kumudzi adapita pambuyo pake, tidawaperekeza tonse awiri pa lole yomwe ija. Koma masiku awo onse, mpaka lomaliza, adawamalizira m'manja amene adasankha okha. Adati musandipereke, ndipo sindidawapereke.